Moto Umene Tinachoka Nawo ku Chimbonila

Ndikukumbukira nkhungu. Zina zonse za chaka chimenecho zimabwera m'mbuyo mwake pang'onopang'ono, ngati anthu ochokera kumaliro, koma yoyamba kufika m'mutu mwanga ndi nkhungu ya ku Chimbonila. Inkatsika m'mapaini m'mamawa, yoyera ngati ufa woyanika pamphasa, n'kumeza nkhokwe, khola la mbuzi, mtengo wa pichesi, mpaka nyumba yathu inkatsala yokhayokha ngati bwato pakati pa madzi. Mawu a anthu unkawamva, eni ake osawaona. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu kapena zisanu ndi zinayi, musandigwire pakamwa, koma mano akutsogolo anali atangomera, aakulu ngati makasu, ndipo mlongo wanga Zeka anali akadali kumsana.

Ife si a ku Chimbonila kwenikweni. Amama anali a kunyanja. Ndiye kwathu kunyanjako mwamuna ndi amene amapita kukakhala kwa mkazi, ndipo akayamba zamwano, amalume a mkazi amamupindira mkeka wake n'kumulozera njira. Ababa ankazidziwa zimenezo. N'chifukwa chake atangokwatira anawanyengerera amama kuti akwere nawo kumtunda, ati kuli mashamba a batata ndi nyemba, chakudya n'chochita kupondaponda. Batata analikodi, eee, wamkulu ngati mutu wa khanda. Chimene kunalibe ndi m'bale wa amama ngakhale mmodzi.

Ababa ankamenya. Ndanena, basi, sinditambasula. Anthu akunja ankawadziwa ngati munthu wa nthabwala, wodziwa kukonza njinga, woimba bwino pamowa. Ife tinkawadziwira m'mawa, poona mmene amama amangira lenso kumutu. Likakhala cha kumbuyo, mphumi ili poyera, ndiye kuti kwacha bwino. Likatsika mpaka kuphimba diso limodzi, ndinkangotenga tsache n'kuyamba kusesa osafunsa kanthu. Ndipo njira zonse anali atawatsekera. Kutchalitchi ayi. Kumerikado kukagula zinthu ayi, ababa ankapita okha. Kukasinja ndi akazi anzawo ayi, mtondo unali pakhomo. Madzi tinkatunga pakasupe kumunsi kwa nyumba, poti munthu wokhala pakhonde akuona mutu wako ukawerama ndi ukaweramuka.

Khomo limodzi lokha ndi limene sakanatha kulitseka. Moto.

Ana a masiku ano simungamvetse, inu amene fosifolo mumagula pabaraka iliyonse n'kumaseweretsa. Zaka zimenezo machesi anali ngati mankhwala, m'sitolo munali matabwa okhaokha ndi fumbi. Moto unkasungidwa. Mkazi ankaukwirira ndi phulusa akatha kuphika, m'mawa n'kuuvundukula, kuuzira pang'ono, basi wadzuka. Ukakuzimira, unkatenga phale, lija la mphika wosweka, n'kupita kwa mnzako kukapala. Ndipo moto unali ndi malamulo ake. Moto samana, ngakhale wobwerayo ndi munthu amene simulankhulana. Wopala moto sakhala pansi, sapatsidwa mpando, amaima, kulandira makala ake, n'kubwerera asanazime. Koma mkazi amene moto umamuzimira kawirikawiri ankasekedwa, ati ndi waulesi, amagona ngati mtembo, amayi ake sanamulange.

Ndiye moto wa amama unkazima m'mawa uliwonse.

Nyumba yapafupi inali tsidya la kadambo, kwa Abiti Mussa. Anali mayi wachiyao, wachisilamu, wamasiye, wamfupi ngati mtondo, ndi chipini pamphuno ndiponso pakamwa posatseka. Iwowo ndiye kunyada kwawo kunali moto. Ankati anautenga paphale kwa amayi awo tsiku limene analowa m'nyumba yawoyawo ali mtsikana, ndipo kuchokera pamenepo sunazimepo, ngakhale posamuka ankayenda nawo. "Amuna awiri ndaika m'manda," ankatero, "koma moto wanga sunagonepo." Mudzi wonse unkadziwa. Anthu akafuna kunena chinthu chosatha ankati, icho ndiye moto wa Abiti.

Kumeneko ndi kumene amama ankapita ndi phale lawo, Zeka ali kumsana, n'kulowa m'nkhungu muja ngati akulowa m'madzi. Ababa ankatukwana ali pakhonde, atafunda bulangete, koma madzi osamba otentha ankawafuna, ndipo mwamuna kukapala moto yekha chinali chinthu chosamveka. Ine sankandituma, poti nthawi ina ndinagwa nalo phale n'kupsereza udzu wa khola, amama n'kunena pamaso pa ababa kuti mwana uyu ali ndi manja a nkhuku. Ndinakwiya nawo sabata yonse. Pano ndikaganiza, mwina anasangalala kuti ndinagwa.

Kusikola ndiye kunali mavuto anga. Tinkaphunzira pansi pa mtengo wa bulugamu, miyendo ili mbuu ndi kuzizira, ndipo pulofesolo akangotembenuka anzanga ankayamba. "Rozita, lero kwanu kwazimanso?" Wina: "Musamufunse, ndi mwana wa Azimamoto." Panali kamtsikana kena ka mano oola, dzina ndakaiwala, Mulungu akakhululukire, kankachita kuyerekeza mayendedwe a amama, dzanja limodzi patsogolo ngati kanyamula phale. Tsiku lina ndinafika kunyumba nditakwiya.

"Amama, bwanji simukwirira bwino moto? Anthu akutiseka. Kapena ndizikwirira ine."

Anali akusankha nyemba m'lichero. Sanadzutse mutu. Anangomwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa, ina inali yotupa.

"Usaukhudze. Ndine wa kumadzi ine, mwanangu, manja anga ndi ozizira. Moto sundizolowera."

Panalinso china chimene chinkandisokoneza. Zinthu m'nyumba mwathu zinayamba kusungunuka. Mthiko waung'ono unasowa. Kenako chikho cha mbewu ya nyemba chimene chinkakhala kudenga. Kenako kakhasu kanga, kapoto kopanda chogwirira, kapulana, nsalu yovala m'chiuno, yabuluu ya nsomba imene amama anachoka nayo kunyanja. Sizinkasowa zazikulu zoti ababa n'kuzindikira, ayi, tinthu tating'onoting'ono, kamodzikamodzi. Ine m'mutu mwa mwana ndinkati ndi nkhungu. Ndinkati imalowa pansi pa chitseko n'kunyambita chinthu chimodzi tsiku lililonse, ndipo tsiku lina idzanyambita Zeka, kenako ine. Ndinkaonanso kuti amama popita kukapala moto amakhala onenepa, m'chiuno muli thiii, koma pobwera ali owonda. Ndinkati kuzizira kumafinya munthu.

M'mawa wina ndinatsegula maso kusanayere bwino, ndinaona amama atagwada pamafuwa. Anavundukula phulusa, makala anali ofiira bwinobwino, amoyo. Anawayang'ana kanthawi ngati munthu woyang'ana nkhope ya mwana wogona. Kenako anatenga kachikho ka madzi n'kuthira pang'onopang'ono, dzanja lina likukupiza utsi kuti usapite kuchipinda. Ndinatsekanso maso. Podzuka ndinadziuza kuti ndalota, ndipo ndinakhulupirira. Zaka zimenezo maloto ndi zoona zinkagona pamphasa imodzi.

Zimene ndinadzamva ndili wamkulu ndi izi. Abiti Mussa anali ndi mwana wa mchemwali wawo, Che Omari, amene ankayendetsa tiratole, thirakitala yonyamula batata kupita ku Lichinga. Ku Lichingako, kubayiro ya Chiuaula, dera lina la m'taunimo, kunali mayi wina wa kunyanja, wachibale cha patali, amene anavomera kutilandira. Katundu wathu yense wosowa uja anali pansi pa bedi la Abiti. Chinatsala ndi ulendo womaliza wa tiratole mvula isanayambe, chifukwa mvula ikagwa msewu unkasanduka phala, ndipo batata akatha tiratole sinkabweranso mpaka chaka china. Amama ankati chaka china sakanachiona. Sananene mokometsa, ankadziwa thupi lawo.

Ndiye kutatsala pang'ono, ababa anabwera madzulo ena akukoka chitsa cha muwanga ndi chingwe, thukuta lili kamukamu. Amene mukudziwa muwanga mukudziwa. Ukagwira moto sufa, umangonyeka m'kati mwakachetechete masiku ndi masiku. Anachikankhira pamafuwa, anachiyatsa okha, n'kupukuta manja.

"Pulonto. Zopala moto zatha. Ichi chikazima, ndidziwa kuti pali dzanja la munthu. Ndipo dzanjalo ndilithyola."

Ananena akuseka, ngati nthabwala zawo za pamowa. Amama anati, "Zikomo, bambo a Rozita," maso ali pansi.

Ine ndinasangalala, ndisaname, ndinati kusikola andileka. Koma amama anafota. Masiku otsatirawo ankakhala pafupi ndi chitsa chija n'kumachiyang'ana ngati galu amene wamangiriridwa pakhomo kuti awalume. Chinkangowala m'ming'alu, diso lofiira losaphethira. M'nyumba munkafunda bwino, ndipo sindinaonepo nyumba yofunda yomvetsa chisoni ngati imeneyo. Kumwamba mitambo inayamba kusonkhana cha kumapiri, nyerere zikutuluka m'nthaka, fungo la mvula likubwera ndi mphepo. Amama analibe njira yotumizira mawu tsidya lija. Ankangoima pakasupe n'kumayang'ana utsi wa Abiti ukukwera wowongoka ngati ulusi.

M'mawa wa tsiku limenelo nkhungu inabwera yochuluka kuposa masiku onse, ngakhale nyengo yake inali itapita. Amama mpaka kufa kwawo ankati inatumidwa. Ababa anali pakhonde ndi bulangete lawo, akupichira fodya m'chikopa cha chimanga. Kutali, kumunsi kwa msewu, kunkamveka tiratole ikutsokomola, du du du, kuleka, du du du. Amama anali akusesa malo amodzi omwewo.

Kenako m'nkhungu muja munatuluka mawu, thupi lisanaoneke.

"Odi kuno! Odi eni nyumba!"

Anali Abiti Mussa, ndi ndodo kudzanja limodzi, kudzanja linalo phale. Phale lopanda kanthu.

Ababa anayang'ana phalelo, anayang'ana Abiti, n'kuphulika kuseka mpaka fodya anatayika.

"Epa! Abiti! Inu? Matenda a mkazi wanga akupatsirani?"

"Sekani, Che Rafayeli, sekani, mano mukadali nawo. Ukalamba ndi umenewu."

"Ayi, ine sindikhulupirira. Moto wa Abiti kuzima? Mwabwera kudzanong'oneza mkazi wanga zinazake."

Abiti anaimika ndodo pansi, anaweramuka mmene msana unawalolera.

"Wallahi, m'nyumba mwanga mulibe moto. Ngakhale khala limodzi. Mukufuna mukaone?"

Ababa anasiya kuseka. Mudzi wonse unkadziwa kuti mayi ameneyu salumbira dzina la Mulungu pachabe, ngakhale mutamuika mpeni pakhosi. Ndipo moto samana. Ababa anakodola amama ndi chibwano. Amama analowa, anagogoda chitsa chija, makala anagwera paphale ngati mbewu zofiira.

"Landirani, amayi," anatero.

"Ndilandire ndi chiyani? Dzanja ili lili ndi ndodo, ili likuvina lokha, taonani. Ndi nkhungu imeneyi ndabwera chokwawa. Undinyamulire, mwanangu."

"Rozita akunyamulireni," anatero ababa.

Mtima wa amama ndinaumva ukugunda ine ndili chapatali.

"Rozita?" Abiti anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati mbuzi yodwala pamsika. "Uyu wa manja a nkhukuyu? Amene anafuna kuotcha khola lanu? Udzu wa m'dambo wauma ngati fodya wanuyo, ndipo kuseri kwake kuli nkhokwe za asekeretariyo, olamulira mudzi uno. Zikapsa mukayankha ndinu, ine ndidzati ndinanena. Uyu agwire ndodo yanga kutsogolo, azindikoka, ndiyo ntchito imene angathe."

Ababa anatola fodya wawo pansi, anamupukuta, anatenga kakhala paphale pomwepo ndi zala n'kuyatsira. Anapuma utsi, akuyang'ana amama nthawi yaitali.

"Wopala moto sakhala pansi. Fodya uyu asanathe ukhale uli pano."

"Chabwino, bambo a Rozita."

Tinatsika. Ine patsogolo ndi nsonga ya ndodo, Abiti pakati, amama pambuyo ndi phale, Zeka akuyamwa chala kumsana. Nditacheuka, nyumba yathu inali itayamba kale kusungunuka, denga lokha likuyandama, ndi kadontho kofiira ka fodya wa ababa. Kenako nako kanazima. Titangowoloka kamtsinje, ndodo ija inandipulumuka m'manja. Abiti anaikolekera kukhwapa, anakweza kapulana mpaka m'mawondo, n'kuyamba kuyenda ngati mtsikana wothamangira ku chinamwali. "Fulumira, manja a nkhuku iwe!"

M'nyumba mwawo ndinamva fungo limene sindinalimvepo m'menemo, fungo la phulusa lonyowa. Pamafuwa panali matope akuda, madzi akuyenderera mpaka pakhomo. Amama anaima chilili, anagwira pakamwa.

"Amayi! Mwazimitsadi?"

"Nanga ndikanalumbira bodza? Chifukwa cha iwe ndikapse kumwamba? Bweretsa kuno moto wa mwamuna wakowo."

Analanda phale lija, anakhuthulira makala pakona youma, anaunjikapo masamba aawisi a bulugamu. Utsi unakwera wochindikala, woyera. "Nkhungu ikayera aziona utsi uwu, aziti mukadali kuuzira. Fodya wachiwiri asuta." Kenako anakoka mtolo pansi pa bedi, womanga ndi kapulana yabuluu ya nsomba, ndipo m'mbali munkasuzumira mthiko wathu waung'ono. Ndinafuna kufuula kuti nkhungu yabweza, koma amama ananditseka pakamwa.

Tinatuluka cha kuseri. Pansi pa nkhokwe, panja, panali kamphika kovundikira ndi phale. Abiti anagwada, anavundukula. M'kati munali phulusa, ndipo pakati pa phulusa chikuni chachifupi chikupuma.

"Ndinati m'nyumba mulibe moto. Za pansi pa nkhokwe sanandifunse. Uwu ndi wa amayi anga. Tenga. Kumene ukupita usakayambe ndi kupempha."

Amama anagwada nawonso, analira osatulutsa mawu. Abiti anawakankha paphewa. "Iii, choka apa, wopala moto sachedwa. Omari akutha mafuta a boma."

Ulendo wa patiratole ndimaukumbukira ngati nyimbo yopanda mawu. Tinakhala pamwamba pa matumba a batata, atatifunditsa lona, ine nditakumbatira kamphika kaja pamimba chifukwa amama anagwira Zeka ndi mtolo. Inde, ine wa manja a nkhuku. Kankandifunditsa mpaka kumsana. Mitengo ya paini inkatuluka m'nkhungu umodziumodzi, kutiyang'ana, n'kubwerera. Nthawi ndi nthawi amama ankathyola kachitsononkho n'kuponya m'kamphika, ndipo kautsi kankatuluka pansi pa lona ngati tikupuma ndife. Sindikudziwa ngati ndinagona. Ndikudziwa kuti dzuwa litaboola, ndinaona fumbi lofiira, nyumba zamalata, njinga zambirimbiri, ndipo amama anali atakankhira lenso kumbuyo, mphumi yonse ili poyera, diso lotupa lija likuyang'ana dziko osachita manyazi. Madzulo ake mvula yoyamba inagwa, yamphamvu, msewu wa ku Chimbonila n'kutsekeka.

Ku Chiuaula anatipatsa kakhitchini ka kuseri, kodontha, kokhalamo nkhuku. Amama anatola miyala itatu, anakhuthula kamphika, anauzira. Ndiwo unali katundu wathu woyamba kumasula. Ndi moto womwewo anayamba kuotcha chimanga m'mbali mwa msewu, kenako chinangwa, kenako kukazinga timabolinyu, timandasi ta ufa, tikaupeza. Patapita zaka anaumba folono yadothi ngati chulu n'kuyamba kuphika pau, buledi uja. Iii, pau wa amama! Anthu ankabwera kuchokera kutsidya kwa bayiro akutsata fungo. Ine ndinasiyira sikola kalasi yachinayi kuti ndizikanda ufa, ndipo sindidandaula, mikono iyi mpaka lero mnyamata sangaipinde. Akazi a m'bayiro ankabwera m'mawa kudzapala moto kwa ife. Amama, aja ankatchedwa Azimamoto, moto wawo sunazimenso. Ndipo ndinkaona kuti wina akabwera masiku otsatizana, amama ankamuyang'ana kumaso nthawi yaitali, n'kumuperekeza mpaka kumpanda akulankhula motsitsa.

Ababa anabwera kamodzi, mvula itatha. Anatipeza pamsewu, amama akutembenuza chimanga pakati pa akazi anzawo ogulitsa. Ababa anavala malaya oyera, akumwetulira, atayamba kale nthabwala. Ine ndinabisala kuseri kwa thumba la makala. Panali kampando pafupi, anafuna kukakoka. Amama anaikapo phazi. Sanakweze mawu. Anatenga chimanga chimodzi chakupsa, anachikulunga m'khoko lake, anawapatsa ali chiimire, ngati mmene umaperekera makala kwa munthu amene sakhala. Akazi ena aja anali atasiya kukupiza moto, onse ataimirira, wina ndi chikuni m'manja ngati akungochisuntha. Ababa anayang'ana uku ndi uku, anaseka pang'ono, anapita akudya chimangacho. Sitinawaonenso. Tinamva kuti anakatukwana kwa Abiti tsiku lomwe tinathawa, Abiti n'kuwayankha kuti, "Ine ndinapempha moto, ndipo ndi uwo ukuyaka. Za mkazi wanu funsani manja anu."

Abiti sitinawaonenso nawonso. Nkhondo inatseka misewu, ndipo anamwalira zaka zimenezo, ife osamva msanga. Njala itakula tinawolokera ku Malawi monga anachitira ambiri, ndipo pamenepo moto sitikanatha kuyenda nawo, usiku unkakuonetsa kwa anthu a mfuti. Ine ndi amene ndinalira pousiya. Amama anati, "Ukulira chiyani? Bayiro yonse yapala pano." Ndipo zoonadi, titabwerera patapita zaka, tsitsi lawo litayamba imvi, anatenga phale n'kupita kwa mayi wina amene sanathawe, amene ankapala kwa ife kale. Anabwera akuuzira, akumwetulira ndi pakamwa ponse. "Ndi womwewo," anatero. "Ndaudziwa fungo." Kaya unali womwewo kaya ayi, ine sinditsutsana ndi akufa.

Pano ndimakhala ku Lulimile, ku Lichinga komwe kuno, ndakalamba, mawondo akulira ngati zitseko. Folono ndinasiyira mwana wanga, ine ndimangokhala pafupi ndi mbaula n'kumalamula. Nkhungu imabwerabe miyezi yozizira, koma yamasiku ano ndi yopyapyala, kapena ndi maso angawa. Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu wolimba ndi amene moto wake suzima. Zinanditengera moyo wonse kuti ndimvetse kuti akazi awiri olimba kwambiri amene ndinawadziwa, onse anathira madzi pamoto wawo ndi manja awo, wina kulola kusekedwa m'mawa uliwonse, wina kutaya chimene ankanyadira kuyambira utsikana. Ndinaphunziranso kuti munthu amene ali m'madzi ofika m'khosi kawirikawiri sanena kuti ndipulumutseni. Amati ndigawireni mchere. Amati ndipaleko moto.

Ndanena zonsezi chifukwa cha mtsikana wina wa kuseri kwa mpanda wathu, wokwatiwa ndi mnyamata wa mota, njinga yamoto yonyamula anthu. Dzina sinditchula. Mwezi uno wonse akubwera m'mawa uliwonse ndi kachitini, ati agogo ndipaleko makala a mbaula. Mdzukulu wanga, amene ali kusekondale ndipo amadziwa zonse, anadandaula dzana. "Vovo, fosifolo ali pabaraka pomwepa, bwanji osagula? Ulesi basi." Ndinamuuza kuti atseke pakamwa asese bwalo.

Dzulo mtsikanayo anabweranso, kunja kukutentha kale koma iye atavala juzi ya manja aatali, m'chiuno muli thiii ndi makapulana awiri. Anaima pakhomo monga mwa mwambo. Ndinamuikira makala m'kachitini, koma sindinamupatse msanga. Ndinamuyang'ana kumaso mpaka anagwetsa maso.

"Mwanangu," ndinatero, "pansi pa bedi langa ndasesapo. Pali malo."

Anayang'ana kumpanda, anayang'ana ine. Kenako anamasula kapulana yapamwamba, n'kutulutsa tinsapato tiwiri ta mwana.